Kalata m'Mimba mwa Kagalu ka Nsalu

Kagaluko kanachokera m'belo la salaula, zovala zakale zija zogulitsa pamsika. Kanali kotuwa, khutu limodzi lalifupi, ndipo aphunzitsi a giredi 4 pasukulu yathu ku Chinyunyu anakagula kuti kaziphunzitsa ana za nyanja yamchere. Iwo ankati ana sangapite ku Beira, koma malole amapita, ndipo amadutsa pamaso pathu tsiku lililonse. Ndiye kagalu kapite m'malo mwa ana, kabereke kachikwama ka mafunso awo, kabwere ndi mayankho.

Anakabweretsa kwa ine chifukwa ndine telala. Ndili ndi makina akale pakhonde, ndimasoka mayunifomu ong'ambika. Aphunzitsiwo ndi amenenso anandiphunzitsa kulemba, m'kalasi ya akuluakulu ya masana, imvi zili mbuu kumutu. Anandipempha kuti ndilimbitse misoko ulendo usanayambe. Woti akanyamule anali atapezeka kale, mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amayendetsa lole ya mkuwa kupita kudoko.

Aphunzitsi atachoka ndinatsegula kachikwamako n'kuwerenga timapepala ta ana, chala chikutsata mawu. Wina amafunsa ngati madzi a m'nyanja ndi otentha ngati a pakasupe wathu. Wina amafuna kudziwa ngati tsidya lina limaoneka. Mayankho onse ndinali nawo, koma pasukulupo panalibe amene ankadziwa kuti ndinakhalako kunyanja.

Nkhondo ya ku Mozambiki itangotha ndinkagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pa lole ya munthu wina wa ku Lusaka. Loleyo inafera ku Beira. Dalaiva anapita kukatenga zitsulo, osabweranso, ine n'kutsala ndikulondera chinthu chakufa. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anayamba kundipatsa chakudya. Chisena chake ndi Chinyanja changa zinkamvana mokwanira. Ndinakhala naye zaka ziwiri m'kanyumba ka malata kuseri kwa chigayo, pafupi ndi msika wa nsomba, ndipo anandiberekera mwana wamwamuna. Mwanayo atayamba kukwawa ndinati ndipite kwathu ndikakonze mapepala, ndibwera mwezi usanathe. Zoti kwathu kuli mkazi sindinamuuze. Sindinabwererenso.

Mkazi wanga wa kuno anamwalira osadziwa. Ana athu onse anapita adakali makanda. Nditalowa kalasi ya akuluakulu ndinauza aphunzitsi kuti ndikufuna kumawerenga Baibulo ndekha, koma chimene ndinkafuna chinali kalata imodzi yokha, yoti ndilembe ndi dzanja langa popanda wondilembera.

Ndinailemba masiku atatu, inadzaza masamba awiri. Ndinaiika mu envulopu, ndinang'amba mimba ya kagalu, ndinailowetsa pakati pa thonje n'kusoka ndi ulusi wofiira. Sindinafune kuipereka pamanja chifukwa mphwanga amawerenga bwino kuposa ine, ndipo munali zinthu zimene mwana sayenera kuwerenga za amalume ake. Ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza nkhani yonse, dzina la mayiyo, msika ndi chigayo. Ndinati akangomupatsa kagaluko, mayiyo adule yekha ulusi wofiira. Anamvetsera atazolika, kenako anati ndisade nkhawa.

Anabwera patatha milungu inayi. Tsiku limenelo ana a makalasi ena anaunjikana pamawindo, ine ndinaima nawo. Mphwanga anabweretsa botolo la madzi a m'nyanja, mwana aliyense anaviika chala n'kulawa, nkhope kukwinyika. Panali kokonati, zigoba za nkhono, ndi zithunzi za kagalu katakhala pamchenga, kenako m'bwato la asodzi. Mphwanga anafotokoza kuti nyanja imathawa n'kusiya mabwato pamatope, kenako imabwerera, kawiri pa tsiku. Kamtsikana kena kanati amenewo ndi mabodza a madalaiva, kalasi yonse n'kuseka. Aphunzitsi atanyamula kagalu m'mwamba ndinaona mimba yake. Ulusi unali wakuda.

Madzulo ake mphwanga anabwera pakhonde. Anati mayiyo anamupeza, wakalamba koma akadagulitsa nsomba. Mwana wanga amagwira ntchito padoko, ali ndi ana awiri, ndipo ndi amene anawerengera amake kalatayo. Mayiyo analira, kenako anasoka yekha kagaluko.

“Anati, kamuuzeni azigona tulo, ndinamukhululukira kalekale.”

Nditafunsa nambala ya foni anati mayiyo wakana, akuti zakale zisadzutsidwe. Ndinakhulupirira, chifukwa analidi munthu wotero, wosakonda kubwereza nkhani.

Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala ngati munthu. Ndinkadya n'kumaliza mbale. Ndinabwerera ku mgonero wa Ambuye, umene ndinkaupewa zaka zonsezo ndikunamizira chifuwa. Ana ankasinthana kupita ndi kagalu kunyumba, ndipo akamadutsa pakhonde panga ndinkawaimitsa kuti ndikaone ngati sikanang'ambike. Ndinkayendetsa chala pa ulusi wakudawo. Msoko unali wokhotakhota, ndipo ndinkati maso a mayi uja ayamba kufooka, iye amene ankasoka maukonde a abale ake mosayang'ana n'komwe.

Mvula itatha, aphunzitsi anakabweretsanso. Galu weniweni wa pakhomo pa mwana wina anali atakatafuna mwendo, thonje lili panja. Ndinalowetsa zala kuti ndilibwezere, ndinakhudza pepala. Inali envulopu yanga, yong'ambidwa pamwamba, masamba awiri aja atapindidwa mwanjira ina, pakona pali chizindikiro cha chala chamafuta.

Ndinapita kwa mlongo wanga masana omwewo. Ndinamupeza akuswa mtedza pamphasa ndi mkazi wa mphwanga. Mphwangayo anali pa tchuthi, akutsuka nsapato. Ndinaika kalata pamphasa. Mkazi wake anadzuka kuti akatunge madzi, koma mlongo wanga anamuuza kuti akhale.

Sanavutike n'kukana. Kalatayo anaitsegula kagalu kasananyamuke n'komwe. Mkazi wa mphwanga ndi amene anadula ulusi, n'kuwerenga mokweza, apongozi ake akumvetsera. Anawerenga zonse, ndi zimene ndinalemba za masiku amene tinkakhala awiri. Koma chimene chinawaimitsa mitu chinali mzere wakumapeto, pamene ndinati mwana wanga abwere adzaone munda wa m'mbali mwa msewu, chifukwa ndi wake.

“Achimwene,” anatero mlongo wanga, manja akuswabe mtedza, “mundawo tinaupempha ndi amayi titachoka ku Katete. Kwathu wolowa m'malo mwa munthu ndi mwana wa mlongo wake. Koma masiku ano akhoti amangofunsa kuti ana ali kuti. Mumafuna Msena woti sitinamuonepo adzatithamangitse?”

Ndinamusiya, n'kutembenukira kwa mphwanga. Ndinamufunsa ngati anafikako kumsika wa nsomba.

“Ku Beira ndinafika, amalume, zithunzi munaziona. Koma lole siisiyidwa pamzere wa padoko.”

“Nanga kunyanja unapita bwanji kukajambula chidole?”

Ndinafunsa za mwana wogwira ntchito padoko ndi adzukulu awiri aja. Anati anangoganiza kuti zimenezo zindikondweretsa. Ndinafunsa chifukwa chimene sanaiwotchere kalatayo, popeza ndikanafa osadziwa. Mkazi wake ndi amene anayankha, maso ali pansi, kuti ankaopa. Mwina mayiyo anamwalira, ndipo mawu opita kwa wakufa sawotchedwa. Ndiye anaibwezera momwe inali, n'kusoka ndi ulusi umene unali pafupi.

“Komatu munanenepa, amalume,” anatero mphwanga. “Munayamba kuseka. Tinalakwa pati?”

Mlongo wanga anaseka pang'ono m'mphuno. Ndinafuna kuwauza za mgonero, kuti kasanu ndi katatu ndinagwada n'kulandira chikho ndikuthokoza chikhululukiro chimene chinapekedwa pamphasa imeneyo. Ndinafuna kunenanso za msoko uja, mmene ndinkausisitira pamaso pa ana a eni. Koma amene anauza mayi wa mwana wakhanda kuti abwera mwezi usanathe savutika kuzindikira bodza lonenedwa ndi nkhope yachifundo, ndipo mphwanga ankadziwa kuti sindingakweze mawu. Ndinatola kalata yanga n'kubwerera.

Kagalu ndinakasoka ndi ulusi wotuwa, ulusi wakuda ndinauchotsa wonse. Aphunzitsi anayamikira kuti kaoneka katsopano. Anati chaka chino akufuna kapite ku Nacala, ana aone doko lina. Ana sananamizidwe, nyanja imathawadi n'kubwerera. Wonamizidwa ndinali ine ndekha.

Kupita ndekha ku Beira sindingathe. Ndinafunsa ku boma ku Rufunsa, anati pasipoti ndi ku Lusaka, ndipo miyendo yanga imatupa ndikangokhala mu minibasi ola limodzi. Ndiye ndinayamba kukakhala pamene madalaiva amaima kuti agule makala ndi nthochi. Tsiku lachisanu ndinapeza dalaiva wa ku Tete wodziwa Chisena. Ndinamuuza kuti kalatayi ilibenso chinsinsi, ndipo ndinamuwerengera yonse pomwepo, amayi ogulitsa nthochi akumva, ena akugwira pakamwa. Mzere wa munda sindinaufufute. Anaiika m'kabokosi ka kutsogolo kwa lole, n'kunena kuti ayesa.

Papita miyezi isanu. Mwezi watha dalaivayo anadutsa, analiza hutala n'kukweza dzanja, koma sanaime. Mphwanga wayamba kuumba njerwa kumunsi kwa munda osandipempha, ndipo mlongo wanga akandipatsa moni amayang'ana makina osokera. Ku mgonero ndinasiyanso.

Dalaiva uja akadzaima n'kunena kuti anamupeza, sindidzafunsa ngati analira kapena ngati wandikhululukira. Zimenezo aliyense angapeke. Ndidzamufunsa dzina limene mayiyo ankandiitana nalo, londiseka chifukwa cha mmene ndinkaopera kulowa m'madzi. M'kalatamo mulibe, ndipo kuno palibe amene analimvapo.