Kachulu Wopanda Anthu

Bizweki anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu ziwiri, chifuwa ndi kamera. Chifuwa chinatha, kamera inatsala. Padoko la Kachulu tonse tinkamudziwa: wamtali, wa njinga yopanda mabuleki, kamerayo ili lende pakhosi ngati chithumwa.

Ojambula a ku Songani ankakuimika kutsogolo kwa nsalu, n'kukubwereka jekete ndi wailesi kuti uoneke bwana. Bizweki zimenezo zinkamunyansa. "Munthu akadziwa kuti akujambulidwa amasanduka chitsa," ankatero. Iye ankachita kukuba. Uli pakati pokangana mtengo wa matemba, kukamwa kuli yasa, umangomva kuti tche! Filimu ikachapidwa ku Zomba, zithunzi ankazipachika pachingwe pakhonde la tiirumu, aliyense n'kumadzifunafuna. Ine anandijambula ndikuterereka m'matope dengu lili pamutu, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire kwenikweni. Komabe ndinagula.

Masiku amenewo pa 3 Malichi linali tsiku lolira ofera dziko. Khasu osagwira, bwato osapalasa, ngakhale kuseka unkayamba wacheuka. Anyamata a chipani ankazungulira, ndipo wopezeka pantchito ankamutenga. Ena ankabwerako, ena tinkangomva mphekesera.

Chaka china mvula inanyowetsa matemba a Maliyamu pathandala tsikulo litayandikira. Maliyamu anali mayi wamasiye, ana adakali aang'ono, ndipo nsomba yonyowa sidikira kuti maliro athe. Pa tsiku loletsedwalo anazemba m'mawa kukatembenuza nsomba zake. Bizweki anamuona ali chowerama, dzuwa likuwala pamatemba, chala n'kumuyabwa. Anajambula.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Chithunzicho chitabwera chinali chokongola kuposa zonse, ndipo mwini wake, mwa kunyada, anachipachika pakati penipeni. Iye ankaona kuwala kwa dzuwa basi. Sanaone kuti kumbuyo kwa mayiyo mabwato onse ali pamtunda, padoko popanda ngakhale galu.

Amene anaona ndi Makisoni, mkulu wa anyamata a chipani. Anaima nthawi yaitali, tiyi akuzizira m'manja.

"A Bizweki, Kachulu wopanda anthuyu ndi wa liti?"

 Tonse tinkadziwa kuti doko lathu limakhala choncho tsiku limodzi lokha pachaka.

"Kunali m'mamawa, bwana."

"M'mamawa ndi pamene mabwato amakocheza. Musandiyese mwana. Mayiyu ndi ndani?"

Nkhope sinkaoneka. Unkaoneka msana ndi chitenje cha mawanga akuluakulu ozungulira. Ndipo Maliyamu anali pomwepo, chapafupi ndithu, atakhala pansi ndi beseni lake la nsomba, atavala chitenje chomwecho, poti china analibe.  Ndinaona Jenifa wogulitsa zitumbuwa akusendera pang'onopang'ono, n'kumuyalira chiguduli pamiyendo ngati akufuna kusankhirapo nsomba. Amayi ena awiri anadzakhala kutsogolo kwake n'kuyamba kukangana za mchere.

"Sindiwadziwa," anatero Bizweki. "Kapena ndi a ku chilumba cha Chisi, anadzagona kuno."

"Inu? Munthu wodziwa msana wa aliyense pa Kachulu pano?"

Makisoni anachotsa chithunzicho pachingwe n'kuyamba kuyang'ana amayi mmodzimmodzi. Bizweki anavula kamera pakhosi, n'kuiika pathebulo mwaphokoso.

"Bwana, amene anagwira ntchito tsikulo mukumuona. Kujambula ndiyo ntchito yanga. Winayo ndi msana chabe."

Anamutenga masana omwewo, kamera ili m'manja mwa Makisoni. Madzulo Maliyamu anatentha chitenje chija, ndipo Jenifa anamupatsa chake chakale.

Bizweki anabwerako mpunga wa ku Likangala utakololedwa kale, ataonda. Za kumeneko sananene kanthu, ifenso sitinafunse. Dzina la Maliyamu sanalitchule, tinadziwira poti palibe anabwera kudzamutenga. Patapita nthawi anapeza kamera ina yakale, koma anagulanso nsalu yamaluwa, n'kuikhoma kukhoma kwa tiirumu. Chingwe chija sanachimangenso. Zinandipweteka, ine amene ndinkamutukwana chifukwa cha chithunzi cha m'matope.

Tsiku lina Maliyamu anabwera ndi ana ake atasamba, atanyamula kadengu ka matemba ouma bwino. Anagwada pamaso pa Bizweki.

"Achimwene, ndati mutijambuleko."

Bizweki anawaimika kutsogolo kwa nsalu, n'kusuzumira mbali zonse kuti pasaoneke china chilichonse. Mwana wamng'ono anayamba kuseka, akukoka chitenje cha mayi ake, ndipo ndinaona chala cha Bizweki chikusuntha. Anachibweza.

"Muuzeni aime bwino, mayi," anatero. "Nonse yang'anani kuno. Musagwedezeke."