Womaliza Mitu ya Anzake

Mlamu wanga ndi wometa tsitsi. Luso alibe kwenikweni, koma mpando ndi galasi ali nazo.

Chaka chomwe chimphepo chinagwetsa mapolo, msewu wathu unatha miyezi wopanda magetsi. Anthu ankadandaula, mlamu anaona mwayi. Mkazi wake, mlongo wanga, atapita kukazonda wodwala, iye anagulitsa makina osokera a mkaziyo n'kugula masola awiri ndi mabatire. Anakokera mawaya kubala, kwa wokonza mawailesi ndi kwa mayi wa fuliji. Mafoni ankadzaza shelefu ngati anapiye. Kumeta anasiya. Anayamba kuvala tayi.

"Alamu, makina a mlongo wanga abwera liti?" ndinamufunsa.

"Mtima m'malo, alamu. Mapolo amenewo sadzuka ife tili moyo."

Mapolo anadzuka. Magetsi atabwerera, makasitomala anamubwezera mawaya ake, okulunga bwinobwino. Mlongo wanga analongedza chikwama n'kuchiika pakhomo: makina akapanda kubwera mvula isanagwe, abwerera kwathu, bambowo azigona ndi mabatire awo.

Mlamu anavula tayi n'kupukuta galasi. Koma mitu yonse inali itasamukira kwa ometa a kutsidya kwa msewu. Kutchalitchi anzake akupempha mvula yabwino, iye ankapempha kamphepo. "Osati koopsa, Ambuye. Mapolo atatu basi."

Mphepo sinabwere. Kungoti magetsi obwererawo anali odwaladwala, ongozima pomwe afunira. Tsiku lina masana analowa aphunzitsi aakulu, chipewa mpaka m'makutu. Atachivula, mbali imodzi mpala, inayo nkhalango.

"Kutsidyaku magetsi azima. Malizani msanga, ndili ndi msonkhano wa makolo."

"Theka la mutu mtengo wake ndi wa mutu wonse, aphunzitsi."

"Ndinu wakuba inu."

"Ndiye bwererani mukadikire."

Anakhala pampando.

Kuchokera tsikulo mlamu sayamba yekha mutu wa munthu. Amakhala pakhonde kuyang'ana babu la kutsidya. Likangothima, amapaka mafuta makina ometera n'kudikira azipewa. Ometa akutsidyawo akuti nawonso adzagula sola, choncho ntchitoyi ndi ya kanthawi. Ndinamuuza. Anayankha kuti amenewo ndalama zawo zimathera kubala.

Makina osokera afika sabata yatha. Si omwe aja, awa amadumpha ulusi. Mlongo wanga sanapite, koma chikwama sanamasule.