Mlandu wa Supu ya Mayi Etta

Mayi Etta Nyirongo anafika ku London kutsatira amuna awo, a Felton, amene anathawa kumudzi atatuluka m'ndende ya andale. M'ndendemo a Felton ankadya nyemba zofumbwa, ndipo wodandaula ankangomuwonjezera zibakera. Choncho mayi Etta atapeza ntchito yophika kundende ina kufupi ndi Thamesmead mu 1993, analumbira kuti mkaidi wa m'manja mwawo azidya ngati munthu. Tsabola ankachita kuchokera naye kunyumba, m'chikwama.

Zikomo wake anabwera ndi Killian, mkaidi wakuba magalimoto. Iyeyu anakasuma kukhoti kuti supu ya ndendeyo ikumuwotcha lilime, ndipo kumeneko n'kuzunza munthu.

"Mkaidi kusumira ndende?" a Felton anaseka mpaka kutsokomola. "Alonda akungomuyang'ana?"

"Amupatsanso loya," anatero mayi Etta. "Koma asiyeni. Ndikawauza ndekha a jaji mmene supu imaphikidwira."

Tsiku la mlandu anavala suti ya kutchalitchi, nakwera basi. Jaji wa khoti laling'ono anamvetsera maloya m'mawa wonse, kenaka anati nkhani ya malamulo a ndende ndi ya khoti lalikulu. Chaka chotsatira, jaji wa khoti lalikulu anasuzumira pansi pa wigi yake n'kunena kuti lilime lopsa ndi kuvulala wamba, mlandu ubwerere kumene unachokera. Loya wa Killian anaopseza kuti apita nawo ku Strasbourg, kukhoti la Ulaya yense. Mayi Etta anathamanga kukakonzetsa pasipoti.

M'makhoti onsewo panalibe wowafunsa ngakhale dzina. Tsiku lina anakweza dzanja. "Pepani bwana, supuyo..." Mlonda wa khoti anawalozera benchi.

Akuluakulu a ndende, pochita mantha, analamula kuti m'chakudya musamathiridwe kanthu kupatula mchere. Akaidi atameza mbatatesi zozizira kukhosi kwa masiku angapo, anayamba kufufuza wochititsa. Killian anapempha yekha kuti amusamutsire kundende yakutali, mlandu n'kuuthetsa.

Mayi Etta zinawawawa kwambiri. Anagwirabe ntchito mpaka 1999, akuwiritsa kabichi m'madzi monga mwa lamulo. Pa maphwando a Amalawi ku Lewisham, aliyense wokhala nawo pafupi ankamva umboni wonse kuyambira pa kakazingidwe ka anyezi, ndipo ana obadwira konko ankangoti, "Yes, Auntie," maso ali kukhomo.