Bwato la Filomena

Tinkakumba mbatata ya kachewere kudimba kwathu ku Angonia pamene mfuti zinayamba kulira chakumsika. Amayi anataya khasu. Filomena, mkulu wanga, anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi chinthu chimodzi chokha, chithunzi chake.

Chithunzicho ndili nacho mpaka lero, mu sutikesi, m'kachipinda kanga ka lendi kuno ku Tlhabane. Mwana wanga wobadwira ku Joni kuno amati n'chosasangalatsa. Pali ngalande yamadzi yowongoka ngati msewu, mlatho wa njerwa, mitengo ili pamzere, ndi bwato lopanda munthu. Sisitere wa ku Holandi wa pachipatala cha mishoni ndiye anampatsa Filomena, ati chifukwa ankamwetulira bwino. Ine anandipatsa switi imodzi. Koma inu, nsanje inandidya! Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Tinayenda masiku awiri m'tchire. Ndikayamba kulira, Filomena ankatulutsa chithunzi n'kumandimasulira. Mlatho ndi malire a Malawi. Mitengo ndi asilikali amene saombera anthu. Madzi awongoka chifukwa kumeneko kulibe wothawa. Bwato likudikira mwini chithunzi.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe uzisambira," anatero akuseka.

Tsiku lachitatu masana tinapuma pansi pa msuku. Filomena anagona tulo. Ndinasolola chithunzi pampango wake n'kuchibisa m'kati mwa diresi langa, pamimba.

Anazindikira titawoloka kale kamtsinje. Anagwiragwira mpango, anakutumula chitenje. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala zakumapazi. Anauza amayi kuti wachisiya pamsuku paja, sipatali, abwera pompano. Amayi akuti amukalipire, iye anali atalowa kale m'madzi. Mawu anali pakamwa panga penipeni. Ndinkafuna avutike kaye pang'ono, ndiye ndimupatse.

Tinamudikira mpaka dzuwa linapendeka. Chakumsuku kuja kunalira mfuti kawiri. Anthu amene tinali nawo anawakoka amayi padzanja.

Tinalowa ku Dedza m'mawa mwake. Bambo wolemba mayina anafunsa amayi kuti ali ndi ana angati. Anati awiri. Iye anayang'ana kumbuyo kwathu, kenako analemba awiri momwemo. Anatipatsa mabulangete atatu. Lachitatulo amayi analipinda bwinobwino, ndipo sanalole aliyense kulifunda mpaka tsiku limene anamwalira. Sindinawauze.