Diresi Lotuwa Pazenera

Mkulu wokonza makamera akale a filimu ankagwira ntchito yekha m'kachipinda ka zenera limodzi. Mmawa wina analandira kamera imene kasingano kake koyeza kuwala kanangoima nji. Anatsegula pokhala batire, napala dzimbiri lobiriwira, kasingano n'kudzuka.

Chinatsala n'kuona ngati kakuloza zoona, ndipo poyesa pamafunika chinthu chotuwa, chosayera komanso chosada. Zaka zonse za m'mbuyomo malemu mkazi wake ndiye ankaima pazenera atavala diresi lotuwa, akudandaula kuti, "Fulumirani inu abambo, miyendo yatopa!"

Mkuluyo anayala diresi lomwelo pampando, nalozetsa kamera. Kasingano kanaima pakati penipeni, kusonyeza kuti kakuloza zoona. Ntchito inali itatha, koma anakhalabe chisuzumirire m'kameramo, poti panalibenso womuuza kuti afulumire.