Peni ya Padenga la Bambo

Denga lathu likudontha chifukwa cha ine, koma mlandu ndinaukankhira akhwangwala.

Malemu bambo pokhoma malata mawashala otchinga madzi pamisomali anawathera, ndiye pamsomali wina anaikapo peni yakale yoboola pakati. Mphekesera itamveka kusukulu yoti ndalama zoterezi zikugulidwa mamiliyoni, ndinadikira amayi apite kudimba, n'kukwera padenga ndi hamala.

Anzanga amene analonjeza kundiperekeza ku Mitundu sanabwere, moti ndinapalasa njinga ndekha, peni ili m'sokosi. Pashopu ya pinyolo ndinaiika pakauntala ngati munthu wodzagula galimoto.

Mwini shopu sanaigwire n'komwe. Anatulutsa chitini chodzaza ndi mapeni omwewo, n'kuchigwedeza.

"Mphwanga, mabwana anzako onse ali umu. Yako wazula padenga la ndani?"

Dzimbiri la msomali linali litandiulula. Peni yangayo anaigula ndi ndalama ya chipisi mbale imodzi. Ndinadyera pakhonde pake pomwepo ndekhandekha, ndipo kunena zoona chipisicho chinali chokoma.

Mvula itayamba, dontho linasankha pabedi panga penipeni. Amayi anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Bambo ako sankakhoma denga lodontha," anatero motsitsa mawu, akundipatsa beseni.

Ine ndinati akhwangwala amakonda zonyezimira, ngakhale peniyo inali yakuda bii. Sindinapepese, ndipo sindikuganiza zopepesa. Kungoti mvula ikamagwa masana amayi ali kudimba, m'nyumba monse timatsala awiri, ine ndi beseni lija, ndipo lolankhula limakhala beseni.