Chithaphwi Pansi pa Minibasi ya Amalume

Fungo la oyilo wakutha limandikumbutsa mlandu umene ndinauyambitsa ndekha ku Kawale. Ndili Fomu 2, usiku wina, pofuna kungoseweretsa, ndinathira dala oyilo wakuda pansi pa minibasi ya amalume, injini atangoikonzetsa kumene.

M'mawa ataona chithaphwicho, anasolola kandodo koyezera oyilo. Kanaonetsa kuti ngwodzaza, koma sanakhulupirire. Anaitanitsa makaniko n'kumugwira pakolala.

"Iwe, wandiphera injini! Tiye kupolisi!"

Ine ndinaima pambali n'kumaonerera. Makaniko anapempha kuti ayambe waona. Analowa pansi, n'kutuluka akuyang'ana zikhadabo zanga zakuda.

"Bwana, injiniyi sikudontha. Tafunsani mwana wanuyu."

Amalume anandipotokola khutu, n'kundipatsa mchenga kuti ndikweche simentiyo. Ndikukwecha, ndinawafunsa ngati mawa ndingawayezere oyilo. Khutu linalo nalonso linalawa.